Chishango cha ku Domwe pakati pa malupanga a ku Japan ndi ku Ulaya

Ngoma ikamavinidwa m'midzi ya ku Angónia m'dziko la Mozambique, amuna amalowa m'bwalo chishango chili kumanzere, nthungo kapena chibonga kumanja, mangenjeza akulira kumiyendo. Koma anyamata oonera mafilimu ku Ulongwe akamatsutsana za ankhondo oopsa, satchula agogo awo. Mkangano wawo ndi wa samurai wa ku Japan ndi knight wa ku Ulaya: atakumana, angagwe ndani? Awiriwa sanamenyanepo. Komabe mukaika zida zawo pambali pa za Mngoni, mumaona kuti aliyense ankavala chuma cha kwawo, ndipo ankakonzekera mdani amene ankamudziwa.

Knight anali munthu wa minda ndi akavalo. Poyamba ankavala malaya a timphete tachitsulo tolukanalukana, koma pofika zaka za m'ma 1400 osula a ku Milan ndi Augsburg ankamusulira mbale zachitsulo zokuta thupi lonse, zolemera makilogalamu 20 mpaka 25. Chitsulocho chitakwanira, chishango chinayamba kusiyidwa. Lupanga lake linali lowongoka, lakuthwa konsekonse, losongoka kuti lipeze mpata m'khwapa kapena pachisoti. Zonsezi zinkalira ndalama zimene mlimi wamba sakanazipeza moyo wake wonse. Ndipo kulemerako kunali ndi tsiku lake loipa: ku Agincourt mu 1415, ankhondo a ku France anatitimira m'matope, mivi ya Angerezi ikuwavumbira.

Samurai ankalipidwa mpunga ndi mbuye wake. Poyambirira ntchito yake inali kuponya mivi ali pakavalo, ndi uta wotalika kuposa mamita 2. Uta umafuna manja onse awiri, motero sankanyamula chishango. Chitetezo chake chinali timbale tachitsulo ndi tachikopa, topakidwa utomoni wolimba, tomangidwa ndi zingwe kuti mkono uzitakataka. Lupanga lake lotchuka, katana, ndi lokhota pang'ono komanso lakuthwa mbali imodzi. Chitsulo chake chinkachokera mumchenga, ndipo wosula ankachipinda n'kuchisula mobwerezabwereza kuti achotse zinyalala. Asanaliviike m'madzi ankalimata dothi, lochindikala kumsana, lopyapyala kukamwa, kuti kukamwa kuume gwa koma msana usathyoke. Komabe pankhondo zikuluzikulu uta ndi mkondo ndi zimene zinkagwira ntchito yaikulu. Lupanga linkasonyeza kwambiri udindo wa mwini wake.

Angoni a kwa Maseko anali anthu a ulendo. Anachoka kummwera m'nthawi ya chipwirikiti cha Shaka, anaoloka Zambezi, nakafika ku Songea m'dziko la Tanzania, kumene mfumu yawo Mputa inafera. Chidyaonga, amene anatenga utsogoleri, ndiye anawabweza mpaka kudzakhazikika paphiri la Domwe cha m'ma 1870. Munthu woyenda wapansi mtunda wotere sangasenze makilogalamu 25 a chitsulo. Chuma chake chinali ng'ombe, choncho chitetezo chake chinachokera m'khola.

Chishango amachidula pachikopa cha ng'ombe chouma, ubweya uli kunja. Pakati amachekapo timabowo m'mizere iwiri, n'kulowetsamo timizere tachikopa togwira ndodo yakumbuyo. Ndodoyo ndi msana wa chishango, ndipo dzanja limagwira pomwepo. N'chopepuka moti munthu amathamanga nacho, koma chimapatutsa muvi ndi nthungo yoponyedwa. Adani ambiri a Angoni ankadalira uta, ndiye Mngoni ankabisala kuseri kwa chikopa, kuthamangira pafupi, kenako n'kubaya ndi nthungo yaifupi kapena kukantha ndi chibonga. Mphamvu yake sinali pa munthu mmodzi wotchuka koma pa gulu la anyamata amsinkhu umodzi oyendera limodzi.

Mozambique ndi Japan zili ndi ulusi wozilumikiza. Apwitikizi, omwe anadzalamulira Angónia, ndi amene anafikitsa mfuti pachilumba cha Tanegashima mu 1543. Pofika 1575, mtsogoleri wa ankhondo Oda Nobunaga anagonjetsa ankhondo a banja la Takeda ku Nagashino mothandizidwa ndi mfuti zambiri. Nobunaga yemweyo mu 1581 analandira Mwafirika wina, Yasuke, amene anabwera ndi wansembe Alessandro Valignano, ndipo anamupatsa lupanga ndi nyumba. Buku lina la mu 1627 limati Yasuke anachokera ku Mozambique.

Mathero a atatuwa akufanana. Mfuti zitachuluka ku Ulaya, mbale zachitsulo zinayamba kuvulidwa. Ku Japan boma linaletsa kuyenda ndi lupanga mu 1876, ndipo chaka chotsatira asamurai oukira a Saigo Takamori anagonjetsedwa ndi asilikali olembedwa kuchokera kwa anthu wamba. Kuno pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la mu 1891 linadula dziko la Maseko pakati, ena n'kugwera ku Angónia, ena ku Ntcheu ndi Dedza. Mu 1896 Angerezi anapha Inkosi yawo Gomani woyamba, ndipo chikopa sichikanaimitsa chipolopolo.

Lero zovala za knight zili m'nyumba zosungiramo zakale, ndipo katana ku Japan sungaisunge popanda chikalata cha boma. Koma chishango chikadali m'manja mwa eni ake. Pa mwambo wa Umhlangano wa Maseko ku Nkolimbo m'boma la Ntcheu, Angoni a mbali zonse ziwiri za malire amabwera nacho. Chimene chikufunika tsopano n'chakuti achikulire odziwa kusoka chishango aphunzitse ana, ndipo ophera ng'ombe asamataye zikopa.