Njinga ya Bambo ndi Laisensi ya ku Kentucky

Bambo akamabwereka mnyamata wawo njinga amati, "Tenga, koma ng'ombe zikhale zitamwa." Tsiku limene ng'ombe zagona ndi ludzu, njinga imatsekeredwa kuchipinda. Mkwapulo sufunikanso, pakuti mnyamatayo akaona anzake akupalasa pamsewu, mawa amalawirira yekha kudambo.

Zigawo zambiri za ku America zinatenga nzeru yomweyi n'kuisandutsa lamulo, kungoti njinga yawo ndi laisensi yoyendetsera galimoto. West Virginia ndiyo inayamba mu 1988: wosakwana zaka 18 akasiya sukulu, ankamulanda laisensi. Ku Kentucky, mwana wosakwana zaka 18 akajomba masiku 9 pa teremu popanda chifukwa chomveka, kapena akalephera maphunziro ambiri, sukulu imatumiza dzina lake ku boma ndipo laisensi imaimitsidwa. Kumidzi ya kumeneko mabasi ndi osowa, choncho chilangochi chimaluma zedi.

Khoti lalikulu la Kentucky linathetsa lamuloli mu 2003 chifukwa linkagwira ana a m'maboma ena n'kusiya anzawo. Zinali ngati bambo amene amalanda njinga mwana mmodzi pomwe onse alekerera ng'ombe. Mu 2007 lamuloli linabwerera, likukhudza onse.

Kwa mwana wojomba chifukwa cha ulesi, ndikugwirizana nalo. Koma mtima wanga umawawa ndikaganiza za mnyamata wina. Ng'ombe sizinamwe chifukwa iye anali atakweza mayi ake pakaliyala kupita nawo kuchipatala. Mukamulanda njinga, mayi apita bwanji mawa? Nanga iye kusukulu, komwe n'kutali, akafika nthawi yanji? Ana ambiri ojomba ali ngati ameneyu: amagwira ganyu usiku kuti pakhomo padyedwe, amalera azing'ono awo, amadwazika. Pa kaundula wa sukulu, iwo ndi aulesi aja amalembedwa chimodzimodzi.

Opanga lamulo anaziona zimenezi. Ku Kentucky kholo likhoza kukadandaula kukhoti, ndipo woweruza amabweza laisensi ngati banja likuidalira pa chuma, kapena ngati mwanayo ndiye yekha woyendetsa galimoto pakhomopo. Komatu bambo amadziwa kale chimene chachitika asanatseke chitseko, pomwe boma limayamba lalanda kenako n'kudikira kuti mudzalongosole. Mayi wodwala uja ndiye ayenera kupeza tsiku, mapepala ndi womutengera kukhoti, woyendetsa wake atalandidwa kale laisensi.