"Unditumizireko pa Xender": kugawana kumathera pati, kuba kumayambira pati?

Kwathu kuno ku Milepa, m'boma la Chiradzulu, bandulo ya intaneti timaisamala ngati ufa wa mu Januwale. N'chifukwa chake nyimbo, mafilimu ndi manotsi ambiri amene ali m'mafoni mwathu sanachokere pa intaneti mwachindunji. Anachokera m'foni ya mnzathu. "Aise, tsegula Xender ndikuponyere," basi m'mphindi ziwiri filimu yathunthu yasamuka, popanda ngakhale tambala yolipira.

Funso limene ndimalimva kawirikawiri kwa anzanga ndi lakuti: kodi zimenezi n'zololedwa? Yankho langa ndi ili: pulogalamuyo payokha ilibe mlandu. Nkhani ili pa chinthu chimene mukutumizacho, mwini wake ndani, ndiponso ngati analola.

Zimayenda bwanji?

Mapulogalamu ngati Xender, SHAREit ndi Quick Share amalumikiza mafoni awiri kudzera pa Wi-Fi ya mafoniwo, osadutsa pa netiweki ya Airtel kapena TNM. Foni imodzi imapereka, inayo imalandira, pakati palibe kampani yosunga katunduyo. Pa Chingerezi amati peer-to-peer, kutanthauza kuti munthu ndi mnzake mwachindunji.

Palinso mtundu wina umene umafuna intaneti, wotchedwa torrent. Bram Cohen wa ku America ndiye anayambitsa BitTorrent mu 2001. Fayilo imaduliridwa tizidutswa tambirimbiri, ndipo kompyuta yanu imatola tizidutswato kwa anthu osiyanasiyana amene ali nato. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti pamene mukukoka, inunso mumakhala mukugawira ena. Bandulo yanu imatha mbali zonse ziwiri, ndipo nambala ya intaneti yanu imaonekera kwa onse amene mukugawana nawo.

Kumene kulibe vuto

Zabwino zilipo zambiri. Vidiyo ya chinkhoswe cha mlongo wanu, zithunzi za mwambo wa kusukulu, manotsi amene mwalemba nokha pokonzekera mayeso a MSCE, nyimbo za kwaya yanu zimene mwagwirizana kuti zifalikire: zonsezi gawanani mmene mungathere.

Palinso zinthu zimene eni ake amachita kupempha kuti tizigawane. Ubuntu, pulogalamu yaulere yoyendetsera kompyuta, imapezeka pa torrent movomerezeka. LibreOffice, imene imagwira ntchito yolembera ngati Microsoft Word, nayo ndi yaulere. Kudzera pa Kiwix, munthu mmodzi atha kukoka Wikipedia kamodzi n'kugawira sukulu yonse kuti ana aziwerenga popanda intaneti. Kudera ngati kwathu kuno, kumene mabuku ndi osowa, imeneyi ndi mphatso yeniyeni. Oimba ena achinyamata nawonso amatulutsa nyimbo mwaulere kuti adziwike. Ngati mwini wake wanena yekha kuti "iwazeni", iwazeni ndithu.

Kumene kuli mlandu

Zimasintha pamene chinthucho mwini wake akuchigulitsa. Lamulo la Copyright Act la 2016, limene linalowa m'malo mwa la 1989, limapatsa woimba, wolemba buku ndi wopanga filimu ufulu wonena amene angakopere ndi kufalitsa ntchito yake. Ufuluwu suthera pamanda. Umapitirira zaka 50 mwini wake atamwalira, kutanthauza kuti nyimbo za malemu Lucius Banda, amene anatisiya mu 2024, zikadali ndi eni ake. Bungwe loyang'anira zimenezi ndi COSOMA, limene linayamba ntchito mu 1992.

Tonse timawadziwa malo oberna: kachipinda, kompyuta imodzi, sipika ikulira pakhomo. Ukapereka memory card kapena flashi, amakudzazira nyimbo mazanamazana ndi mafilimu otanthauziridwa m'Chichewa pa mtengo wa chipisi. Mnyamata woberna wapeza ya sopo, ife tasangalala, koma woimba amene analipira situdiyo sanaone kanthu. Makolo athu ankapita ku Limbe kukagula kaseti kwa O.G. Issa, ndipo ndalama ina inkafika kwa woimba. Msika umenewo unatha, ndipo kukopera mwachisawawa kunathandizira kuupha. Lero oimba ambiri amadalira mashoo, maukwati ndi makampani owalemba ntchito yotsatsa malonda.

Boma linaika kamsonkho pa zipangizo zosungira zinthu monga mafoni, ma flashi ndi ma memory card zikamalowa m'dziko muno, ndipo COSOMA imagawa ndalamazo kwa aluso. Ena amati, "Ndiye kuti tinalipira kale." Ayi. Msonkhowu ndi chipepeso cha kukopera kwa munthu payekha, osati chiphaso chotsegulira bizinesi yogulitsa thukuta la ena.

Kunja nako nkhondoyi ndi yakale. Napster, imene inayamba mu 1999, inatsekedwa mu 2001 makampani a nyimbo ataisumira ku khoti ku America. Mu 2009, khoti la ku Sweden linagamula anthu anayi okhudzidwa ndi The Pirate Bay kuti akakhale kundende. Chikhalirecho BitTorrent ikugwirabe ntchito mpaka lero, chifukwa vuto silinali njira yotumizira, koma katundu wa eni amene ankadutsamo.

Choopsa kuposa nyimbo

Pali mafayilo ena amene amawononga moyo wa munthu. Zithunzi zamaliseche za mtsikana amene wasiyana ndi chibwenzi chake zimayenda pa mapulogalamu omwewa, foni ndi foni, ndipo zikatuluka sizibwereranso. Pamalo ngati Milepa, pamene aliyense amadziwa mbumba ya mnzake, mtsikanayo atha kusiya sukulu kapena kuthawa pamudzi. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuzunza ena kudzera pa zipangizozi, ndipo ngati wojambulidwayo ndi mwana, ngakhale kungosunga chithunzicho ndi mlandu waukulu. Mawu akuti "ine anangonditumizira" sangakupulumutseni. Mukalandira zotere, fufutani, osapatsira wina.

Samalaninso ndi mapulogalamu obedwa, monga magemu kapena WhatsApp yosinthidwa, amene anzathu amatiponyera. Ena amabwera ndi mavairasi otha kuwerenga mauthenga, m'foni momwemo mmene muli Airtel Money kapena Mpamba wanu.

Musanadine "send"

Ine ndimadzifunsa mafunso atatu. Chinthuchi n'cha ndani? Mwini wake analola? Akadziwa kuti ndachitumiza, asangalala kapena alira? Ngati ndi nyimbo ya woimba wa konkuno amene mumamukonda, imvereni pa Boomplay, Spotify kapena pa tsamba lake la YouTube mukapeza bandulo, ndipo akabwera ku Blantyre kapena konkuno ku Chiradzulu, lipirani pakhomo. Kugawana ndi chikhalidwe chathu, ndipo n'chokoma. Koma ngakhale kumudzi, munthu amagawa chimanga cha m'nkhokwe yake, osati cha m'munda mwa mnzake.