Mau a mkulu wa banki amakweza mitengo ndalama zisanatuluke

Mlimi wa ku Chipata kapena ku Petauke adziwa zimene zimacitika nthawi yokolola. Mphekesera ikangomveka yakuti bungwe la FRA lidzagula cimanga pa mtengo wabwino, ogula a m'mbali mwa mseu amayamba kukweza mtengo wao depoti ikalibe kutsegulidwa. Cimene cakweza mtengo pamenepo ndi ciyembekezo cabe. Ndi mmenenso zimayendera ku misika ya masheya ya ku New York, London ndi Tokyo.

Sheya ndi kagawo ka kampani kamene munthu amagula kuti azilandirako phindu. Cuma ca dziko cikafooka, banki yaikulu imatsitsa ciongoladzanja kapena kugula mapepala a nkhongole za boma, kuti ndalama ziculuke m'manja mwa mabanki. Zikatero, amene anali kukongoza boma sapezanso phindu lokwanira, ndipo amathamangira ku masheya. Ocenjera pa msika sayembekeza tsikulo. Amagula akangomva kuti thandizo lili m'njira, ndipo mitengo imakwera.

Pa 26 July 2012, maiko a Spain ndi Italy anali pa mavuto a nkhongole. A Mario Draghi, amene panthawiyo anali mkulu wa banki yaikulu ya ku Ulaya, analankhula ku London kuti bankiyo idzacita ciliconse cofunika kuti ipulumutse ndalama ya euro. Tsiku lomwelo masheya ku Madrid ndi ku Milan anakwera kupitirira 5 peresenti. Dongosolo logula nkhongole limene bankiyo inalengeza mu September caka comweco silinagwiritsidwepo nchito. Mau okha anakwanira kubweza cikhulupiriro.

Nanga ife zitikhudza bwanji? Mu September 2012, banki yaikulu ya ku America, Federal Reserve, inalengeza kuti izigula mapepala a nkhongole a madola 40 biliyoni mwezi uliwonse. Eni ndalama anayamba kufuna-funa phindu kulikonse, ngakhale mu Africa. M'mwezi womwewo boma la Zambia linapita ku msika wa kunja kukakongola madola 750 miliyoni, nkhongole yochedwa Eurobond. Ofuna kutikongoza anaculuka kwambiri, ndipo ciongoladzanja cinali 5.375 peresenti cabe.

Koma mphepo inatembenuka. Pa 22 May 2013, a Ben Bernanke, mkulu wa Federal Reserve panthawiyo, anauza aphungu a ku America kuti mwina banki idzayamba kucepetsa kugula kuja. Sanacepetse ciliconse tsikulo. Cigamulo cinabwera mu December. Komabe mantha anagwira misika. M'mawa mwace, nkhaniyi pamodzi ndi mbiri yakuti mafakitale a ku China afooka, zinagwetsa masheya ku Tokyo ndi 7 peresenti. Eni ndalama anayamba kuzicotsa m'maiko monga India, Brazil, Turkey ndi South Africa, ndipo ndalama za maikowa zinacepa mphamvu.

Pamene Zambia inabwereranso ku msika mu 2014 kukakongola madola 1 biliyoni, ciongoladzanja cinali 8.5 peresenti. Mu 2015 cinafika 8.97 peresenti pa madola 1.25 biliyoni. Kutsika kwa mtengo wa kopa ndi kuculuka kwa nkhongole zathu kunaonjezera vutolo, mpaka mu November 2020 dziko linalephera kulipira. Kwacha ikafooka, mlimi ndiye amamva kuwawa pogula fataleza, mafuta ndi mankhwala ocokera kunja.

Phunziro lilipo kwa a m'makopaletivi ndi m'magulu osungitsa ndalama pa parishi. Wina akabwera kukuuzani kuti gulani masheya cifukwa akukwera, mufunseni: kodi akwera cifukwa kampani ikugulitsa katundu wambiri, kapena cifukwa anthu akuyembekeza thandizo la banki yaikulu? Mtengo wokwera ndi mau ungathenso kutsika ndi mau. Cimodzi-modzi ndi nkhongole: musakongole mongodalira mtengo wa cimanga umene ukalibe kulengezedwa. Akulu-akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo.