KU DAR ES SALAAM: TIKWERE SITIMA KAPENA NDEKE?

Anthu a m'boma la Chongwe sadabwa nazo ndeke. Bwalo lalikulu la ndeke la Kenneth Kaunda lili m'boma lao lomwelo, ndipo alimi amaziona zikukwera ndi kutsika iwo ali pa khasu. Koma wina akafuna kupita ku Dar es Salaam kukagula nsalu, ziwiya kapena zitsulo za galimoto pa msika wa Kariakoo, funso limabuka pa banja: kodi akwere ndeke yotsika mtengo, kapena sitima ya TAZARA imene munthu amagonamo?

Njanji imeneyi inabadwa m'masiku obvuta. Pamene azungu a ku Rhodesia anadzitengera ulamuliro mu 1965, njira ya katundu wathu ya kumwera inakhala pa ngozi. Atsogoleri Kenneth Kaunda ndi Julius Nyerere anapempha thandizo, ndipo dziko la China linabvomera. Nchito inayamba mu 1970 ndi kutha mu 1975. Njanjiyi ndi yotalika makilomita 1,860, kucokera ku Kapiri Mposhi, kudzera ku Mpika, Kasama, Nakonde ndi Mbeya, mpaka ku nyanja yamcere.

Tsono munthu wa ku Chongwe ayenera kudziwa kuti sitimayi sakwerera pakhomo. Ayamba wakwera basi kupita ku Lusaka, makilomita monga 45, kenaka basi ina ya makilomita pafupifupi 200 kufika ku Kapiri Mposhi. Akalowa m'sitima amagonamo usiku uwiri, ndipo ikacedwa m'njira masiku amaonjezeka. Ubwino wake ngwakuti m'zipinda za kalasi yoyamba ndi yaciwiri muli mabedi, cakudya cimagulitsidwa momwemo, ndipo wamalonda amabwerera ndi mitolo imene ndeke ikadamlipitsa ndalama zoculuka.

Ndeke yosaima pena imafika m'maola osakwana atatu. Mu 2014 kampani ya Fastjet inayamba maulendo otsika mtengo pakati pa Lusaka ndi Dar es Salaam, ndipo ambiri anaphunzira pamenepo m'mene malonda otere amayendera. Mtengo wolengezedwa unali wa mpando wokha, wa munthu amene wagula tikiti kukali masiku. Sutukesi yaikulu inali ndi mtengo wake, cakudya cimodzimodzi. Pofika kumapeto kwa 2018 ndeke za kampaniyi za ku Tanzania zinaleka kuuluka. Phunziro lake lidakalipo: mtengo wa pa cikwangwani si mtengo wa ulendo wonse.

Kotero, owerenga athu, musanatulutse ndalama za cimanga cimene munakhetsera thukuta, khalani pansi ndi a kunyumba kwanu muwerengere zinthu zitatu.

Coyamba ndi katundu. Ngati mukupita ndi kacikwama kamodzi, kukaona wodwala kapena kukamaliza nkhani ya tsiku limodzi, ndeke ikuyenerani. Ngati colinga ndi kubwera ndi mitolo ya zitenje, sitima ndiyo bwenzi lanu.

Caciwiri ndi nyengo. Kupita ndi kubwera pa sitima, pamodzi ndi kugula, kungadye sabata yathunthu kapena kupitirira. M'cilimwe, zokolola zili m'nkhokwe, sabata imeneyo siluza kanthu. Koma mu Disembala ndi Januwale, pamene udzu ukupikisana ndi cimanga, mlimi wocoka pamunda sabata imodzi amalipira ndi matumba pa nthawi yokolola.

Cacitatu ndi ndalama zobisika: mabasi a ku Kapiri Mposhi, cakudya ca m'njira, malo ogona sitima ikacedwa, malipiro a masutukesi pa ndeke, ndi msonkho wa katundu polowa m'dziko. Pasipoti nayo ikhale yosatha masiku, pakuti idzafunidwa ku Nakonde monga momwe idzafunidwira pa bwalo la ndeke.

Mu 2025 maiko a Zambia, Tanzania ndi China anagwirizana zokonzanso njanjiyi, imene inali itakalamba. Popeza masiku a sitima amasintha, ndipo nthawi zina maulendo oolokera malire anaimitsidwapo, funsani ku ofesi ya TAZARA musanakwere basi. Funsaninso wogulitsa tikiti ya ndeke kuti akuuzeni makilogalamu amene mwaloledwa kunyamula. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.