Zida za mafayilo zalowa m'thumba limodzi

Amene analembetsapo dzina pa mndandanda wa fataleza wa FISP kuno ku Chadiza adziwa kuti masiku ano dzina silikhala m'buku la mlangizi mokha. Kuyambira mu 2017 boma linayamba kusunga maina a alimi m'makina ochedwa ZIAMIS, ndipo alembi ena a m'maparishi ndi m'makopaletivu nawonso asunga maina a obatizika ndi a opereka ndalama pa kompyuta. Mndandanda uliwonse wotere ndi fayilo. Fayilo imakopedwa, imasamutsidwa, imasinthidwa dzina, imafafanizidwa, ndipo pa nchito zimenezi ndi pamene maina a anthu angathe kutayikira.

Lero tikamba za amisiri amene amalemba mapulogilamu ocita nchitozi. Ambiri a iwo amalemba m'cinenero ca kompyuta cochedwa Python, cimene Guido van Rossum wa ku Netherlands anatulutsa mu 1991. Cineneroci cimabwera ndi zida zake, monga njinga yatsopano imabwera ndi kathumba ka masipanala. Vuto linali lakuti zida za mafayilo zinali mbwee. Cosinthira dzina cinali m'thumba lochedwa os, cokopera mu shutil, cofufuzira mu glob, cosonyeza pamene fayilo ikhala mu os.path. Khasu kukhichini, mpini kukhola, nkhwangwa kwa aneba.

Wina anganene kuti izi n'zazing'ono. Tiyeni tiyerekeze. Mlembi wa kopaletivu kwa Zingalume kapena kwa Mlolo afuna kusamutsa mndandanda kucoka pa kompyuta kupita pa fulashi kuti akaupereke ku Boma. Ngati mmisiri amene analemba pulogilamu yake anasankha cida ca mu os cochedwa rename, nchito ingakanike, pakuti cidaco cinapangidwira kusuntha fayilo mkati mwa disiki imodzi. Cimene cimawoloka ndi move ca mu shutil, cimene cimayamba cakopa fayilo, kenaka n'kufafaniza yoyambayo.

Coopsa kwambiri ndi ici: rename ikapeza fayilo ina ya dzina lomwelo, pa kompyuta ya Windows imakana, koma pa ya Linux imaipondereza mwakacetecete. Ngati mndandanda wa caka catha ndi wa caka cino zonse zichedwa "alimi", wakalewo wapita basi, popanda ngakhale kukufunsani.

Mu March 2014, Python 3.4 inatuluka ndi thumba latsopano lochedwa pathlib, nchito ya Antoine Pitrou. Maganizo ake anali akuti mmisiri azigwira fayilo pamalo amodzi ndi kuifunsa zonse pomwepo: kodi ulipo, dzina lako ndani, ukhala m'foda iti. Koma thumbalo linabwera losadzaza. Zida zambiri zakale sizinali kumvana nalo mpaka Python 3.6 mu December 2016, ndipo kukopa fayilo ndi kuisamutsira ku disiki ina kunalowamo mu October 2025, ndi Python 3.14. Zaka 11 zathunthu!

Kucedwa kumeneku ife sitikudandaula nako. Amisiriwo sanataye matumba akale. Os ndi shutil zikalipo, cifukwa mapulogilamu ambirimbiri pa dziko lonse amadalira zimenezo, ndipo kuzicotsa tsiku limodzi kukanaimitsa nchito za anthu amene sanalakwe kanthu. Alimi amene anaona kusintha kucoka ku njira yakale yolandirira fataleza kupita ku e-voucher, imene inayamba kuyesedwa m'maboma 13 mu nyengo ya 2015/2016, adziwa kuti cinthu catsopano cimafuna nthawi kuti anthu acizolowere.

Komabe tisanamizane kuti ngozi yatha. Cida catsopano cosamutsira ca mu pathlib naco cimapondereza fayilo ya dzina lomwelo. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano cimacita cimodzimodzi pa Windows ndi pa Linux pomwe, motero mmisiri adziwiratu coyembekezera. Conco inu alembi a parishi ndi a kopaletivu, mnyamata akabwera kudzakuikirani pulogilamu, mufunseni kuti imacita ciani ikapeza maina awiri ofanana. Pa dzina la fayilo iliyonse lembanipo caka ndi dera, monga "alimi Mwangala 2025", ndipo buku la pepala lija likhalebe m'kabati ya ofesi.