Mota ikachedwa kuima: kusankha RTOS ya makina anu

Nthawi ina ndinapanga makina ofungatira mazira a nkhuku pogwiritsa ntchito Arduino Uno. Ntchito zake zinali zitatu: kusunga kutentha pa madigiri 37.5, kupendeketsa thireyi ya mazira ndi kamota, komanso kulemba manambala pa kasikirini. Thireyi ikapendekeka mokwanira imagunda kaswichi, ndipo mota imayenera kuima pomwepo. Tsiku lina sinaime. Thireyi inapitirira, mazira n'kugubuduka, ena n'kusweka.

Nditafufuza ndinapeza kuti swichi inali bwinobwino. Wolakwa ndinali ine. Mupulogalamu ndinalemba delay(2000) kuti sensa yoyeza kutentha ipume masekondi awiri isanawerengedwenso. Pa masekondi awiriwo Arduino imangokhala phee, osayang'ana china chilichonse. Swichi inagundidwa, koma panalibe woimva.

Apa ndi pamene pamayambira nkhani ya real-time operating system, mwachidule RTOS. Ambiri akamva "real-time" amaganiza za liwiro. Ayi. Laputopu yanu ndi yothamanga kutalitali kuposa Arduino, koma nthawi zina imaima kaye pang'ono ikamachita zake zam'kati, ndipo palibe amene angakulonjezeni kuti kuimako kutha liti. Polemba kalata zimenezo sizipweteka munthu. Koma makina oyendetsa mota amafuna lonjezo: swichi ikagundidwa, yankho libwere pasanathe mamilisekondi akutiakuti, nthawi zonse, ngakhale pa tsiku loipitsitsa.

RTOS ndi kapulogalamu kakang'ono kamene kamakhala mu microcontroller n'kumagawa nthawi. Inu mumadula pulogalamu yanu m'zigawo zotchedwa ma task, ndipo task iliyonse mumaipatsa priority, kutanthauza udindo wake. Gawo la RTOS lotchedwa scheduler limaonetsetsa kuti pa ma task amene ali okonzeka, imene ikuyenda ndi ya udindo waukulu. Zili ngati kuchipatala: muli pamzere, koma akabwera munthu wovulala pangozi, nonse mumadikira kaye.

Ndiye mungasankhe iti? Funso loyamba si limenelo. Yambani mwadzifunsa ngati mukuifunadi. Vuto langa la mazira linatha popanda RTOS: ndinachotsa delay, n'kulumikiza swichi ku interrupt, imene imadukiza chilichonse chimene chip ikuchita. Komanso Arduino Uno ili ndi RAM ya 2 KB yokha, pomwe task iliyonse imafuna malo akeake mu RAM. Ma task atatu kapena anayi, malo atha. Pa makina a ntchito zochepa, RTOS ndi katundu wongolemetsa.

Zimasintha ntchito zikachuluka, monga mota ziwiri, Wi-Fi, kusunga manambala pa memory card ndi kuyankha mabatani. Apo yang'anani kaye chip imene muli nayo. ESP32, imene ili ndi RAM yoposa 500 KB, imabwera kale ndi FreeRTOS, moti ngati munailembapo pulogalamu, munagwiritsa kale ntchito RTOS mosadziwa. FreeRTOS anaiyamba ndi Richard Barry cha m'ma 2003, ndipo kuyambira 2017 ikuyang'aniridwa ndi Amazon. Ndi yaulere, yaing'ono, ndipo zitsanzo zake zili mbwee pa intaneti. Palinso Zephyr, imene Linux Foundation inaikhazikitsa mu 2016. Iyi imabwera ndi zambiri, monga Bluetooth ndi za netiweki, koma kuizolowera kumatenga nthawi. Kwa wophunzira, ine ndimati yambani ndi FreeRTOS basi.

Pali chinthu china chimene muyenera kufunsa posankha, ndipo nkhani yake inachitikira ku Mars. Pa 4 July 1997, chombo cha NASA chotchedwa Pathfinder chinatera pa pulanetiyo. Patangopita masiku ochepa, kompyuta yake inayamba kumadzizimitsa n'kudziyatsanso yokha, ndipo ntchito ya tsikulo imasokonekera. Inkayendera RTOS yotchedwa VxWorks.

Kuti mumvetse chimene chinachitika, taganizani za kusukulu kwanu. Mwana wa Fomu 1 watenga kiyi wa ku sitolo ya mabuku. Ahedi akufuna kiyi yemweyo mwachangu, ndiye akudikira kuti mwanayo abweze. Koma panjira mapulifekiti akumangomuimitsa n'kumutuma zina, poti iwo ndi akulu kwa iye. Mapeto ake ahedi, amene ali pamwamba pa onse, akuchedwetsedwa ndi mapulifekiti. Zimenezi amazitcha priority inversion.

Pa Pathfinder, mwana wa Fomu 1 anali task yotolera za nyengo. Inali itagwira "kiyi", amene pa kompyuta amatchedwa mutex, pomwe task yofunika kwambiri yoyendetsa uthenga m'kati mwa chombocho imadikira kiyi yemweyo. Ma task a udindo wapakati ankalanda nthawi, ya nyengo osamaliza. Gawo lolondera litaona kuti task yofunikayo sinamalize pa nthawi yake, linkaganiza kuti zinthu zavuta, n'kuyatsanso kompyuta yonse.

Akatswiri a ku JPL ku California anayesa pa chombo chofanana nacho chimene anali nacho pansi pano mpaka vutolo litaonekera. Kenako anatumiza kusintha kwakung'ono ku Mars, koyatsa njira yotchedwa priority inheritance. Mu njira imeneyi, wogwira kiyi amabwerekedwa udindo wa amene akumudikira. Mwana uja amangoti "ndatumidwa ndi ahedi", mapulifekiti n'kumusiya, ndipo akabweza kiyi amabwerera pa udindo wake. VxWorks inali nayo kale njirayi, kungoti pa mutex ameneyo sinayatsidwe.

Choncho RTOS iliyonse imene mukuiganizira, onani ngati ma mutex ake ali ndi priority inheritance. Mu FreeRTOS ali nayo, koma samalani: binary semaphore, imene imaoneka yofanana ndi mutex, ilibe.

Makina anga achiwiri ndinapangira pa ESP32 chifukwa ndinkafuna azinditumizira kutentha pa foni. Task ya mota ndinaiika pamwamba, ya hita pakati, ya sikirini pansi penipeni. Netiweki ikavuta, uthenga wa pa foni umachedwa ngakhale mphindi zingapo, koma thireyi imaima pamene yagunda swichi.