Anandiyesa mfiti chifukwa cha nyanga za ng'ombe

Tsiku limene alandilodi anandiitanira kuseri kwa nyumba, ndinkaganiza kuti ndi nkhani ya lendi. Ndinawapeza ataima chapatali ndi thumba langa, manja kumbuyo.

"Achimwene, anthu akudandaula. Akuti mukusunga nyanga muno. Zimenezo pa ploti panga ayi."

Ndinafuna kuseka, koma iwo nkhope inali gwaa. M'thumbamo munalidi nyanga 14 za ng'ombe, zomwe ndinatenga m'mawa womwewo kwa ogulitsa nyama. Koma inunso mukudziwa kuti kwathu kuno ukati "uje ali ndi nyanga", palibe amene amaganiza za ng'ombe. Anandipatsa sabata imodzi: nditaye thumbalo kapena ndisamuke. Sabata yomweyo mayi wina wa ku Area 43 ankadikira masupuni 30 oti akagawire alendo pa chinkhoswe cha mwana wawo, ndipo theka la ndalama ndinali nditalandira kale.

Ntchito yanga ndi imeneyo, kupanga masupuni a nyanga. Anandiphunzitsa ndi amalume, omwe akhala zaka zambiri akugulitsa ziboliboli pamsika wa pafupi ndi positi ofesi ku Old Town. Iwo dzanja lawo linazolowera phingo. Koma phingo akusowa, ndipo kuyambira 2017 ali pa ndandanda wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a mitengo ndi nyama zomwe zili pachiopsezo. Tsiku lina anandiuza kuti, "Mphwanga, mtengo umatenga zaka kuti ukule, koma ng'ombe zikuphedwa tsiku ndi tsiku. Nyanga zake zikupita kuti?" Yankho linali lakuti kudzala.

Nyanga ili ndi zigawo ziwiri. Mkati muli fupa lokhala ndi magazi. Kunja kuli chigoba chopangidwa ndi keratin, chinthu chomwechi chimene chimapanga zikhadabo ndi tsitsi lathu. Ine ndimafuna chigobacho. Ndimawiritsa nyanga mu diramu mpaka mnofu wogwirizanitsa ziwirizi utafewa, kenako ndimaimenyetsa pachipika, fupa lija n'kusolokamo. Ikauma pamthunzi ndimaidula ndi macheka m'litali mwake, n'kujambulapo supuni.

Chotsatira ndi moto. Nyanga ikatentha imafewa ngati chikopa chonyowa, ndipo ikazizira imasunga maonekedwe amene waipatsa. Ndimaitembenuzatembenuza pamwamba pa mbaula, kenako ndimaipanikiza m'chikombole cha matabwa awiri, lina lokumba, lina lotumphuka. Ukafulumira kupinda imathyoka. Ukachedwetsa pamoto imatuluka matuza n'kuyamba kuyoyoka. Zotsalazo ndi tupa, sandipepala ndi kadontho ka mafuta ophikira. Zonsezi munthu wakhama akhoza kuzidziwa m'miyezi yochepa.

Chimene sindinathe kuchigonjetsa mpaka lero ndi kupeza nyanga yabwino. Pafoni mumaona anzathu a ku Uganda akupanga mbale ndi makapu akuluakulu, mumati bwanji ife sitipanga. Iwo ali ndi ng'ombe za Ankole, zomwe nyanga imodzi imatha kupitirira mita. Ife zathu zambiri ndi Malawi Zebu, zalinunda zija, ndipo nyanga zake ndi zazifupi. Nyanga imodzi imandipatsa kasupuni ka shuga kamodzi, ikakhala yabwino tiwiri. Ng'ombe zamkaka ndiye musawerengere, alimi ambiri amazichotsa nyanga zikadali ana.

Nyanga yomwe ndimailota ndi ya ng'ombe yangolo yokalamba. Ng'ombe yofula imamera nyanga yaitali, ndipo ikagwira ntchito zaka zambiri chigoba chimakhala chochindikala bwino. Zoterezi sizipezeka kawirikawiri m'tauni. Ndimakwera minibasi kupita ku Mitundu kapena ku Nsundwe pa tsiku la msika, kumene ngolo zikadali galimoto la mlimi.

Kumeneko uyenera kulawirira. Wopha ng'ombe amaganiza za nyama, mutu ndi mang'ina, nyanga kwa iye ndi chinyalala. Amaikhapa ndi nkhwangwa kamodzi n'kuiponya uko, ndipo mng'alu wake sumaoneka mpaka utafika nayo pamoto. Choncho ndimanyamula macheka anga n'kupempha kuti, "Bambo, mutuwo musanaugulitse ndiloleni ndidule ndekha." Poyamba ankandiyang'ana mokayika. Wina anandifunsa mosabisa kuti, "Akutumani ndi asing'anga?" Ndinamuonetsa zithunzi pafoni, sanakhulupirire. Ulendo wotsatira ndinamupititsira supuni yeniyeni. Lero amandiflashira yekha akapha ng'ombe ya nyanga zooneka.

Pali nyanga zomwe sinditola ngakhale zikhale zaulere. Yokhalitsa padzuwa imasweka m'magawomagawo. Yokhalitsa pansi imafumbwa ndi tizilombo. Ya ng'ombe yofa yokha sindiikhudza n'komwe, chifukwa matenda ena a ziweto, monga anthrax, amagwiranso anthu. Ndipo kukabuka matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, boma limaletsa kupha ndi kusamutsa ziweto m'dera limenelo, ine n'kukhala manja lende mpaka chiletso chitatha.

Ku City Centre ndi kumayadi, liwu lomweli limabweretsa mantha ena. Supuni yoyera ikatuluka m'chikwama, wogula amabwerera m'mbuyo: "Si mnyanga wa njovu umenewu?" Sindiwadandaula. Mu 2016 dziko lino linawotcha matani 2.6 a minyanga ya njovu ku Mzuzu, ndipo lamulo la nyama zakutchire lomwe linakonzedwanso mu 2017 limalola khoti kupereka chilango chofika zaka 30 m'ndende. Ndani angafune kukafotokoza za kasupuni pabwalo la ndege la Kamuzu? Ndimawapatsa aigwire okha. Nyanga ya ng'ombe ndi yopepuka, ili ndi mizere yoyenda m'litali, ndipo pamene yapyapyala kuwala kumadutsa ukaiyang'anitsa kudzuwa. Mnyanga wa njovu ndi dzino, ndi wolemera, ndipo podulidwa pake pamaoneka timizere topingasana. Mlendo wina wa ku Scotland sanafunse n'komwe. Kwawo masupuni a nyanga ankadyera phala kuyambira kalekale.

Wogula aliyense ndimamuuza chinthu chimodzi: moto umene unaipinda ukhozanso kuiwongola. Musaisiye mu tiyi wotentha kapena mumphika. Tsukani ndi madzi ofunda, pukutani, nthawi zina muipake mafuta pang'ono.

Za alandilodi zija, ndinagona nazo usiku umodzi, ndipo ndinazindikira kuti aneba anali ndi mfundo yawo. Ufiti panalibe, koma fungo linalipo. Nyanga yowiritsa imanunkha, ndipo ikapsa imamveka ngati tsitsi lowauka, lomwenso limapatsa anthu maganizo. M'mawa mwake ndinaitana alandilodi ndi akazi awo, ndinayatsa mbaula, n'kupinda supuni imodzi iwo akuona. Tinagwirizana kuti zowiritsa ndizikachitira kumene ndagula nyangazo, kunyumba kuzibwera zigoba zotsuka kale.

Pa nyanga 14 zija, 5 zinali zong'aluka. Ndinabwerera ku Mitundu kawiri sabata imeneyo, ndipo masupuni 30 anafika ku Area 43 madzulo oti mawa chinkhoswe.

Supuni ya chionetsero ija ndinawapatsa amayi a pa ploti. Ili m'chitini chawo cha shuga mpaka lero. Mwana wawo anandinong'oneza kuti alendo akafunsa, amayiwo amayankha kuti ndi ya pulasitiki.